Matope wa ku Dambo la Sizinda

Anatulukira m'mawa wina kuchokera cha kumene njanji imakhotera, jekete lili paphewa, nsapato atazikoleka m'khosi ndi zingwe zake. Moni wake unali waufupi. Anangovula chipewa, n'kuwerama pang'ono kwa anthu amene anali m'chigwembe, kenaka anatola fosholo imene wina anaisiya pansi n'kuyamba kukumba ngati kuti dzulo lake analinso pomwepo.

Amene anayamba kumuona ndi Dorah, mwana wa a Nankhoma. Anali atasenza mwala, ndipo anaima nawo chiimire mpaka khosi linayamba kuwawa.

"Iwe Saida, taona uko," ananong'oneza mnzake.

"Hawu, sisi, ndaona kale," anatero Saida. "Tseka pakamwa, ntchentche zingalowe."

Chaka chimenecho mvula inali itakana. Dziko linali litangolandira ufulu, mbendera yatsopano isanasuluke n'komwe, koma mu Bulawayo mitima ya anthu sinali pansi. Malole a asilikali ankadutsa pamsewu fumbi lili koboo, ndipo akadutsa anthu ankayankhulana motsitsa mawu ngakhale nkhani ili ya tomato.

Kuseri kwa Sizinda, dera lina la mu Bulawayo momwemo, kunali dambo. Makolo amene anachokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito ya njanji ankalimamo madimba, ndipo madala ankalumbira kuti m'mathamanda mwake ankagwiramo milamba yonenepa ngati mkono wa munthu. Koma dambolo linali litafa. Chigwembe chinalidula pakati, madzi akabwera ankangothamanga osaima, ndipo anthu anasandutsa malowo kudzala kotayako zitini ndi matayala. Ndiye amayi a Mvano, amayi a kumzikiti ndi madala opuma ntchito anagwirizana zolidzutsa ndi manja awo. A khonsolo anawabwereka mawilibala ndi waya. Wayayo ankamuluka ngati madengu akuluakulu, n'kudzazamo miyala, n'kuwaika mopingasa chigwembe kuti madzi akadzabwera azichedwa, dothi lizitsalira. Kuseri kwa miyalayo ankafuna kudzabzala bango.

Woyang'anira ntchitoyo anali a Lemson, bambo wamfupi amene anakalambira ku njanji ndipo ankayendabe ndi wenzulo m'thumba. Anamuzungulira mlendoyo kawiri asanayankhule.

"Zikomo achimwene, ntchito tikuiona. Koma tikutchuleni ndani?"

Mlendoyo anayang'ana miyendo yake imene inali itadetsedwa kale mpaka m'mawondo.

"Nditchuleni Matope, bambo."

"Matope? Amayi anu anakupatsani limenelo?"

"Landipatsa ndi dambo lanuli."

Anthu anaseka, koma a Lemson sanaseke. Dorah nayenso sanaseke. Iye anali atamva Chichewa cha munthuyo, chosalala, chopanda Chindebele chimene iye ndi anzake ankathiramo ngati mchere. Mutu wa Dorah unali wa maloto kuyambira ali mwana. Chitseko chotseka chilichonse chinkamuyabwa, ndipo anyamata a m'Sizinda ankamutopetsa chifukwa ankawadziwa onse, mpaka mayina a agalu awo. Tsopano panali munthu amene palibe ankadziwa kumene wachokera, kumene akupita, ngakhale chimene chamubweretsa.

Mawa lake Matope anabweranso, mkuja wakenso. Ankafika anthu asanafike, ankachoka onse atachoka. Zinamveka kuti Che Aufi, dala wa kumzikiti amene ankaluka waya atakhala pamthunzi, anamupatsa mphasa m'kakhitchini kawo ka kuseri. Atawafunsa, Che Aufi anangoti, "Wapaulendo sumufunsa dzina asanamwe madzi." Ena atati madziwo wamwa kale ambiri, iwo anati, "Ludzu lake silinathe."

Chinthu chimene chinamusokoneza Dorah chinachitika masana ena. Amayi ake, a Nankhoma, ankabweretsa thobwa la ogwira ntchito m'ndowa dzuwa likafika pamutu. Njira yolowera kudamboko inali yopapatiza, minga mbali zonse ziwiri. Tsiku limenelo Matope ankatsika ndi wilibala yodzaza miyala, a Nankhoma akukwera ndi ndowa yawo. Atangowaona, anasiya wilibala, n'kulumphira m'minga, n'kunyonyomala atafulatira, chipewa chili m'manja. Anakhala choncho mpaka mayiwo atapitirira.

Dorah anayamba kusuzumira. Amayi ena akamadutsa, Matope ankangowapatsa mpata n'kuwalonjera bwinobwino. Mayi Mildred, mlembi wa Mvano, ankachita kuseka nawo. Koma a Nankhoma akangotulukira, iye ankazimirira ngati mthunzi. Thobwa lawo sankamwa iwo ali pompo. Ankadikira achoke, ndiyeno ankatenga chikho n'kukamwera kuseri kwa chulu.

A Nankhoma maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, koma nawonso anaona kanthu.

"Mnyamata wachilendo uja ali ndi m'mimba?" anafunsa madzulo ena akusadzula masamba pakhonde. "Nthawi zonse ndikamadutsa ndimamupeza wanyonyomala patchire. Mumuuze amwe makala."

Dorah anawayandikira. "Amayi, kodi kwanu ku Dedza, mwamuna akamathawa mayi wachikulire, kumupatukira njira, osadya pamaso pake, ndiye kuti chiyani?"

"Aa, ana obadwira kuno inu! Ameneyo ndi mpongozi wake. Bambo ako, Mulungu awasunge, anawathawa agogo ako mpaka kumanda. Tsiku lina anagwera m'khola la nkhumba powapatukira." Anaseka, kenaka anamuyang'ana. "Wafunsiranji?"

"Ayi, ndangofunsa."

Dorah analowa m'nyumba. Mpongozi! Pakhomo pa a Nankhoma panali mwana wamkazi mmodzi yekha. Mkulu wake, Winifred, anawoloka kupita ku Zambia nkhondo ya ufulu ili pakati, pamodzi ndi ana asukulu ambiri. Ufulu utabwera ena anabwerera, iye ayi, ndipo pakhomopo anasiya kumutchula chifukwa dzinalo linkawagonetsa amayi ndi njala. Ndiye wotsala ndani? Dorah anadziyang'ana pa kagalasi kosweka ka pazenera. Munthu uja anamuona kuti? Kumsika wa ku Makokoba? Pa basi? Ndiye kuti anamutsatira mpaka kuno, n'kuyamba kulemekeza amayi ake asanayankhule n'kamodzi komwe za kumtima kwake! Anyamata a m'Sizinda ankaimbira atsikana mluzu pakona. Uyu ankalowa m'minga.

Kuyambira pamenepo Dorah anasowa mtendere. Akakhala pansi ankafuna kuima, akaima ankafuna kuthamangira kudambo. Anathira mchere mu tiyi wa amayi ake. Saida atamva nkhaniyo anagwira pakamwa.

"Wena, ukunena zoona? Koma wakuuza?"

"Sanandiuze. Munthu wamwambo sauza mtsikana panjira."

"Mwambo wabwino umenewo," anatero Saida. "Koma ine mwamuna wopanda dzina ayi. Ana anu azidzatchedwa a Matope?"

Amene sankaona zokoma mwa mlendoyo anali a Lemson ndi Mayi Mildred. Dorah anawamva akukambirana kuseri kwa mulu wa miyala, iye akumanga waya.

"Masiku ano munthu wopanda dzina ndi moto," ankatero Mayi Mildred. "Kaya ndi kazitape wotumidwa kudzamva zimene timayankhula, kaya ndi wa zigawenga zija za kutchire. Zonsezo n'chimodzimodzi. Asilikali akabwera safunsa kuti wa Mvano ndani."

"Ndipo a khonsolo akangomva, mawilibala atenga, kusonkhana kuno aletsa," anatero a Lemson. "Thukuta lathu lonseli lipita ndi madzi. Aikona, sizingatheke. Loweruka tikubzala bango, ndipo bwana wa kukhonsolo abwera kudzaona. Asanafike, mnyamatayo anene dzina lake ndi kwawo. Akakana, aone msewu."

Waya anamubaya Dorah pachala, koma sanamve kuwawa. Akamuthamangitsa Matope asanayankhule, zonse zithera m'minga momwemo.

Lachisanu anthu anatsikira kumunsi kwa dambo, kumene kunatsala kachigawo ka bango wamoyo, kukakumba mizu yoti akabzale. Bango samuzula chizulezule. Amamukumba ndi chibuma chake cha dothi, n'kumukulunga m'saka lonyowa kuti mizu isaone dzuwa. Dorah anachita zotheka mpaka anapezeka kuti iye ndi amene akugwirira Matope saka.

Anagwira ntchito kanthawi. Matope ankakumba, Dorah akukulunga zibuma m'saka.

"Amayi anu ndi aukali?" anafunsa Matope mwadzidzidzi, maso ali pa fosholo.

"Ayi. Amakalipa, koma sasunga."

"Nanga amalume anu, eni mbumba, amakhala kuti? Kuno ku Sizinda?"

Dorah anatsala pang'ono kugwetsa saka. Munthu safunsa za amalume a mtsikana chifukwa cha bango.

"Anabwerera ku Malawi ufulu utangobwera," anayankha, mawu akuthawa.

Nkhope ya Matope inagwa. Anabaya fosholo pansi mwamphamvu, n'kuima atatsamira mpini, akuyang'ana kutali kumene utsi wa mafakitale unkakwera.

"A Matope," anatero Dorah, "mawa akufunsani dzina. Mukapanda kunena akuthamangitsani. Ndawamva ndekha."

"Dzina limathamanga kuposa mwini wake, achemwali. Langa likakalowa pakhomo pena ine ndisanagogode, ndiye kuti ndalakwa."

"Ndiye gogodani! Mukudikira chiyani?"

Matope anamuyang'ana koyamba m'maso, nthawi yaitali, ngati munthu amene akufunafuna kanthu pankhope ya mnzake.

"Pakhomo pamenepo munthu sagogoda yekha," anatero, n'kuyambanso kukumba.

Loweruka kunacha kotentha. Mitambo inaunjikana cha ku mapiri a Matopo, yakuda bii, koma aliyense ankadziwa kuti ndi yonama ngati ya masiku onse. Anthu anabwera ambiri kuposa kale, ena ndi makasu, ena kudzangoonerera. Masaka a bango anali ndandanda m'mbali mwa chigwembe. A Nankhoma anabwera m'mamawa ndi ndowa ziwiri za thobwa, n'kukhala pamwala pafupi ndi Che Aufi.

A Lemson analiza wenzulo.

"Tisanabzale, pali kankhani. A Matope, bwerani pano."

Matope anatuluka m'chigwembe. Atangoona a Nankhoma ali pamwala paja, anaima patali, n'kutembenukira kumbali.

"Mwaona?" anatero Mayi Mildred. "Ngakhale kuyang'ana anthu sangathe."

"Achimwene," anatero a Lemson, "ntchito yanu palibe angainyoze. Koma nthawi zino n'zoipa. Tiuzeni dzina lanu lenileni, kwanu, ndi chimene mwadzera. Apo ayi, tisiyane bwino lero lomwe, bwana wa kukhonsolo asanafike."

Matope anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana cha kumene kunali a Nankhoma, n'kutsekanso. Kenaka anayenda pang'onopang'ono kupita pachitsamba pamene anakoleka jekete lake. Analitenga, n'kuliponya paphewa.

Dorah sanadziwe kuti miyendo yake yamufikitsa bwanji pakati pa bwalo.

"Musiyeni!" anakuwa. "Si kazitape ameneyu! Inu nonse muli ndi maso koma simuona. Amathawa ndani pano? Amathawa Mayi Mildred? Amathawa amayi ake a Saida? Ayi! Amapatukira amayi anga okha. Thobwa lawo samwa iwo akuona. Inu a Lemson, munabadwira ku Malawi, simukudziwa tanthauzo lake? Akulephera kuyankhula chifukwa apongozi ake ali apa!" Anapuma, nkhope ikuyaka. "Wadzera ine."

Phokoso linabuka ngati njuchi. Atsikana anakuwa, wina analuluta. Saida anabisa nkhope m'chitenje. A Nankhoma anadzuka pamwala paja, manja ali m'chiuno.

"Iwe Dorah! Wayamba liti zimenezi? Ndiye m'mimba muja munali mwa bodza?"

Koma Dorah ankayang'ana Matope, ndipo chimene anaona chinamuziziritsa. Pankhope pa munthuyo panalibe chimwemwe cha munthu amene wamasulidwa. Panali mantha, ndi chisoni, ngati za munthu amene waponda mwanapiye mosaona.

Matope anagwetsa jekete. Anayenda mozungulira, kutali ndi a Nankhoma, mpaka kuseri kwa Che Aufi. Anagwada atafulatira mayiwo, n'kuyamba kunong'oneza dalayo m'khutu. Che Aufi ankagwedeza mutu, kenaka anasiya kugwedeza, kenaka anavula kofia n'kudzipukuta nayo thukuta. Anadzuka motsamira ndodo.

"Anthuni, khalani chete. Mnyamatayu wandipempha ndimuyankhulire, pakuti alibe wake kuno. Anabwera kudzafuna amalume ake ku Makokoba kuti amuimire unkhoswe, koma anapeza anawaika kale m'manda. Anafunsa za eni mbumba a kuchikazi, akuti ali ku Malawi. Ndiye anasowa pogwira, n'kubwera kuno kumene anamva kuti mayi amene akuwafunawo amagwirako ntchito, kuti mwina apeza munthu wamkulu womudalira. Ine ndagona naye nyumba imodzi osadziwa kuti akundiyeza." Anatembenukira kwa a Nankhoma. "Mayi, khalani pansi."

"Ndikhaliranji? Nenani."

"Mwana wanuyu sananame. Uyu ndi mkamwini wanu ndithu. Koma sanadzere Dorah. Anakwatira kale pakhomo panu, inu osadziwa. Winifred ali moyo."

A Nankhoma sanakuwe. Anangokhala pansi, osati pamwala, koma padothi penipeni, mwendo wina n'kugunda ndowa. Thobwa linayenderera kulowera m'chigwembe, palibe analitola.

"Ali ku Hwange," anapitiriza Che Aufi. "Anakumana ku Zambia, m'misasa ya othawa nkhondo. Ali ndi mwana wamkazi woyamba kumene kuyenda. Sanabwere chifukwa obwera kuchokera ku Zambia akuwayang'ana ndi diso lofiira masiku ano, ndipo anaopa kukokera malole pakhomo pa amayi ake. Anaopanso kuti anakwatiwa popanda ankhoswe. Ndiye mwamunayu anati, ndipite ine, ndikakonze njira."

"Ali moyo?" anatero a Nankhoma. Mawu awo anali aang'ono ngati a mwana. "Che Aufi, mufunseni. Ali ndi thupi? Chifuwa chake chija chinatha? Mufunseni!"

Che Aufi anawerama, Matope ananong'ona, Che Aufi anawongoka.

"Akuti chinatha. Akuti wanenepa, ndipo pakamwa mpomwe paja."

Apo ndiye a Nankhoma analira, kulira kwa zaka zonse kumene anakutsekera m'mimba. Amayi a Mvano ndi a kumzikiti anawaunjirira, ena akulira nawo, ena akululuta. A Lemson ankatembenuza wenzulo wawo m'manja, osadziwa kuti aulize kapena aubweze m'thumba.

Dorah anatsala yekha pakati pa bwalo. Winifred ali moyo. Anabwereza mawuwo mumtima, ndipo chimwemwe chinabweradi, chachikulu, chotentha. Koma pansi pake panali kanthu kena kamene kankabaya, ndipo manyazi ankamuyenda thupi lonse ngati linthumbu. Anthu onsewa amva. Mawa Sizinda yonse idzakhala itamva, dera loyandikana nalo la Tshabalala nalonso.

Mayi Mildred, misozi ili m'masaya, anamugunda ndi chigongono.

"Usadandaule, mwana iwe. Ukanapanda kupenga, bwenzi tamuthamangitsa ndi uthenga wake womwe. Ndiponso sunaphonye kwambiri. Kwathu mlamu timamuti mwamuna wathu."

Ena anaseka. Dorah anayesa kuseka nawo, milomo inakana.

"Zonsezi tamva, ndipo tathokoza," anatero a Lemson atakonza kukhosi. "Mkamwini wa a Nankhoma ndi munthu wathu, palibe amuthamangitse. Koma bwana uja akafika n'kufunsa, ndinena kuti ndani? Dzina sitinalimvebe."

Matope anali chigwadire, atafulatira. Pamaso pa apongozi sakanakweza mawu, ndipo Che Aufi anali atapita kukatonthoza a Nankhoma. Anthu anayang'anana. Panali munthu mmodzi yekha pamenepo amene mwambo unkamulola kumuyandikira mkamwiniyo momasuka, kumufunsa chilichonse, ngakhale kumutukwana.

Dorah anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anayenda, anthu akumupatsa njira, mpaka anaima patsogolo pake. Munthuyo sanadzutse mutu.

"Pepani, achemwali," anatero motsitsa. "Sindinadziwe kuti..."

"Khalani chete, alamu," anatero Dorah. Liwulo linamuwawa potuluka, koma linatuluka. "Mwandigwetsa m'matope pamaso pa anthu, ndiye mundilipira moyo wanu wonse. Tsopano nenani. Mkulu wanga amakuitanani ndani?"

Anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Jasper," anatero. "Jasper Chimbalanga."